Chithunzi Chojambulidwa ndi Seva: Kuonetsa Madzi a Nyanja pa Tsamba la Intaneti

Ndiyankhula m'Chichewa, ndipo ndikupempha inu eni dera lino la Atonga kuti mundilole kutero.

Ndapemphedwa kufotokoza luso limodzi la pa intaneti: momwe tsamba limaonetsera chithunzi chimene palibe anachitola ndi kamera, chimene sichinasungidwe pena paliponse, koma kompyuta ikuchipanga pa nthawi yomweyo imene munthu wachifuna. Zitsanzo za m'mabuku a kunja zilipo zambiri. Koma tili pagombe la Makuzi, ndipo chithunzi chimene anthu a m'mbali mwa nyanja akuchisowa kwambiri ndi cha nyanja yomweyi. Ndiye tiyambire pamenepo.

M'chaka cha 2024 nyanja inakwera kupitirira mamita 476 kuchokera pa mlingo wa nyanja zamchere. Mchenga umene tinazolowera kuyanikapo maukonde unamira, madzi analowa m'nyumba za anthu ndi m'malo ogona alendo, kummwera ndi kuno kumpoto komwe. Akuluakulu muno akukumbukira 1980, pamene madzi anafika cha m'ma mamita 477. Mabuku nawo amasunga mbiri ya mbali inayo: pakati pa 1915 ndi 1935 nyanja inatsika kwambiri moti inaleka kuthira madzi mu Shire. Ngakhale m'chaka chopanda zachilendo, madzi amakwera ndi mvula mpaka cha mu Epulo kapena Meyi, kenako n'kumatsika mpaka Novembala kapena Disembala, kusiyana kwake kukhala pafupifupi mita imodzi. Manambala a zonsezi alipo. Amawerengedwa pa ndodo zoyezera zimene zinazikidwa ku Chilumba, ku Nkhata Bay ndi ku Monkey Bay, ndipo bungwe la National Water Resources Authority limawayang'ana posankha kuchuluka kwa madzi otsegulira pa Kamuzu Barrage ku Liwonde, madzi amene amapukusa makina a magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira.

Koma tiyerekeze kuti mayi amene ali ndi thandala la usipa pagombe wauzidwa kuti lero nyanja ili pa 475.8. Nambala imeneyo payokha siimuuza kanthu. Chimene akufuna kudziwa n'chakuti madzi akukwerabe kapena ayamba kubwerera, ndiponso ali pati poyerekeza ndi chaka chija anamumizira thandala. Mzere umodzi wojambulidwa bwino umayankha mafunso onse awiri asanamalize n'kuwerenga komwe. Chimodzimodzi m'bale wathu amene ali ku Joni, akutumiza ndalama zomangira nyumba pafupi ndi madzi. Anthu a kuno anayamba kale kupita kumeneko, chiyambire nthawi ya Clements Kadalie wa ku Chifira, ndipo ambiri amamanga kwawo asakuona malo ndi maso.

Galafu yotere siingajambulidwe kamodzi n'kuiwalako, chifukwa mawa kuli nambala yatsopano. Munthu angathe kumatsegula Excel m'mawa uliwonse, kujambula, kusunga, n'kukweza pa tsamba. Mwezi woyamba adzachita mwakhama. Kenako kudzagwa maliro, kapena magetsi adzathima, ndipo tsamba lidzakhala likuonetsa madzi a mwezi watha ngati a lero. Ntchito yobwerezabwereza chonchi tiyenera kuisiyira makina.

Kuti timvetse momwe makina angaigwirire, tidziwe kaye kuti tsamba la intaneti silinyamula zithunzi m'kati mwake. Ndi mawu okhaokha olembedwa m'chinenero cha HTML, ndipo pamene pakufunika chithunzi pamangolembedwa adiresi yake. Chizindikiro chochitira zimenezi, IMG, anachiyambitsa ndi Marc Andreessen mu Febuluwale 1993, pamene iye ndi anzake ankapanga browser ya Mosaic ku University of Illinois. Choncho foni yanu imapita kwa seva kawiri. Ulendo woyamba imakatenga tsamba. Ikaliwerenga n'kupezamo IMG, imabwereranso kukapempha chimene chili pa adiresi yatchulidwayo.

Nkhani yonse yagona pa ulendo wachiwiriwu. Foni siidziwa ngati pa adiresiyo pali fayilo yosungidwa kale kapena pali pulogalamu, ndipo ilibe nazo ntchito. Imangoyang'ana mzere umodzi umene seva imatsogoza pa yankho lake, wonena mtundu wa chimene chikubwera. Mzerewo ukati Content-Type: image/png, foni imalandira zonse zotsatira ngati chithunzi, ngakhale adiresi ithere ndi .php. Chithunzi wamba chili ngati mandasi a m'beseni: anakazingidwa m'mawa, ndipo aliyense wogula amapatsidwa omwewo. Chopangidwa ndi seva chili ngati tchipisi cha pa chiwaya: mbatata ndi mafuta zilipo kale, koma chimalowa m'mafuta mukafika, mwa muyezo umene mwatchula.

Luso limeneli si ladzulo. Mu 1993 a NCSA, eni ake a Mosaic uja ku University of Illinois, anakhazikitsa njira yotchedwa CGI, yolola seva kudzutsa pulogalamu ina kuti iyankhe m'malo mwake. Mu Juni chaka chomwecho Steve Putz wa ku Xerox PARC, ku California, anatsegula tsamba la mapu pomwe munthu akadina dera limene akufuna, pulogalamu inkajambula mapu atsopano a deralo n'kumutumizira. Mu 1994 Thomas Boutell analemba GD, mtolo wa zida zojambulira mizere, mabokosi ndi zilembo, umene mpaka lero umayenda limodzi ndi PHP. Mu 1995 Tobias Oetiker anatulutsa MRTG, imene inkayeza deta yodutsa pa netiweki mphindi zisanu zilizonse n'kujambula magalafu a mizere yobiriwira ndi yabuluu. Vuto la MRTG ndi lathu ndi limodzi: nambala imabwera pa nthawi yake, chithunzi n'kumadzikonza chokha. Ndipo mukatsegula OpenStreetMap n'kuona Chintheche, msewu wa M5 ndi mtsinje wa Luweya, mukuona timabokosi ta madontho 256 mulitali ndi 256 mulifupi, timene seva inajambula kuchokera mu database n'kutilumikiza pa foni yanu.

M'mbiri ya GD muli kanthu koyenera kukadziwa. Poyamba inkatulutsa zithunzi za GIF, koma mu 1999 inaleka, chifukwa kampani ya Unisys inali ndi umwini wa njira ya LZW yopanikizira deta imene GIF imagwiritsa ntchito, ndipo inkafuna malipiro. PNG, imene inavomerezedwa mu 1996, inapangidwa pozemba vuto lomwelo. GIF inadzabwerera mu GD mu 2004, umwini uja utatha mphamvu. Kwa galafu ya mizere ndi zilembo sankhani PNG. JPEG ndi yabwino pa zithunzi za kamera, koma imasiya utsiutsi m'mbali mwa zilembo, ndipo manambala ang'onoang'ono amavuta kuwerenga.

Tsopano tilowe m'kati mwa pulogalamu yeniyeniyo. Pa tsamba timalemba mzere umodzi wokha:

<img src="nyanja.php?masiku=90" alt="Mlingo wa nyanja pa masiku 90 apitawa">

Foni ikafika pa nyanja.php, pulogalamu imayamba yawerenga nambala imene yabwera ndi adiresi, 90 ija. Imafunsa database manambala a masiku 90 apitawa. Imatsegula pepala lopanda kanthu m'memori ndi lamulo la imagecreatetruecolor, tinene la madontho 800 mulifupi ndi 400 mulitali. Imasankha mitundu ndi imagecolorallocate, imalumikiza tsiku ndi tsiku linzake ndi imageline, imalemba manambala m'mbali. Ikamaliza imatumiza mzere uja wa Content-Type, n'kukhuthula chithunzi ndi imagepng. Amene mumakonda Python mungachite zomwezo ndi Pillow kapena Matplotlib; mayina a malamulo ndi ena, kaganizidwe n'kamodzi.

Masamu ake ndi a ku pulayimale, koma muli mbuna imodzi. Kusukulu tinaphunzira kuti galafu imayambira pansi kumanzere, nambala ikamakula mzere umakwera. Pa chithunzi cha kompyuta kuwerenga kumayambira pa ngodya ya kumwamba kumanzere, ndipo nambala ikamakula kadontho kamatsika. Tinene kuti pansi pa chithunzi chathu ndi mamita 473, pamwamba ndi 477. Amenewo ndi mamita anayi pa madontho 400, kutanthauza kuti mita imodzi ndi madontho 100, sentimita imodzi ndi kadontho kamodzi. Nyanja ikakhala pa 476, yakwera mamita atatu kuchokera pansi pa galafu, omwe ndi madontho 300. Ndiye tichotse 300 pa 400, kadontho kathu kakhale pa 100 kuchokera kumwamba. Mukaiwala kuchotsera kumeneko, galafu idzaoneka yokongola ndithu, koma idzaonetsa nyanja ikuphwa pamene ikusefukira.

Aliyense woyamba ntchitoyi amakumana ndi kachithunzi kosweka kaja, pomwe pulogalamu akuiona kuti ilibe cholakwa. Kawirikawiri chifukwa chake n'chaching'ono. Fayilo ya PNG imayamba ndi mabayiti asanu ndi atatu osasinthika, omwe ndi chidindo chake. Mukasiya mpata umodzi kapena mzere wopanda kanthu patsogolo pa <?php, mpatawo umatumizidwa chithunzi chisanayambe, ndipo foni imapeza chidindo chili pamalo olakwika. Chenjezo la PHP likasindikizidwa m'kati mwa yankho, zotsatira zake n'zomwezo. Mapulogalamu ena olembera amaika timabayiti titatu tosaoneka, totchedwa BOM, kumayambiriro kwa fayilo, nato timaononga chimodzimodzi. Mankhwala ake ndi awa: tsegulani adiresi ya chithunzicho payokha, chotsani kaye mzere wa Content-Type, ndipo uthenga wa cholakwa umene unabisala udzaonekera poyera.

Ena mwa inu mukufunsa mumtima kuti, masiku ano kuli JavaScript, foni ingathe kujambula galafu yokha, nanga tikuvutikiranji ndi seva? Funso n'labwino, ndipo pali nthawi zimene JavaScript kapena SVG zimapambana, makamaka ngati woona akufuna kukhudza mzere kuti aone nambala ya tsiku lililonse, kapena kukulitsa gawo lina. Koma ganizirani mafoni amene ali m'matumba mwa anthu pagombe pano. Ambiri ndi otsika mtengo, memori yake ndi yochepa, ndipo ena amatsegula masamba ndi Opera Mini, imene siiyendetsa JavaScript yonse. Mtolo wa JavaScript wojambulira magalafu nthawi zambiri umalemera kuposa chithunzi chimene ukudzajambulacho, ndipo kulemera konseko kumadya bandulo ya TNM kapena Airtel ya munthu amene wagula ya tsiku limodzi. Netiweki ikaduka pakati, amatsala ndi tsamba loyera. Chithunzi cha PNG cha mitundu yowerengeka n'chopepuka, ndipo chimatsegulika pa foni iliyonse imene ili ndi browser.

Chifukwa chachiwiri n'chachikulu kuposa choyambachi. Kuno uthenga umayenda pa WhatsApp. Anthu ambiri amene adzaone galafu yanu sadzafika n'komwe pa tsamba lanu. Adzailandira pa gulu la asodzi, la mpingo kapena la abale a ku Joni. Chithunzi chimatheka kuchisunga n'kuchitumiza. Ngakhale kachithunzi kaja kamene kamaoneka pansi pa adiresi mukaitumiza pa WhatsApp kapena Facebook kamatengedwa ndi pulogalamu imene imangowerenga chizindikiro cha og:image pa tsamba, osayendetsa JavaScript. Mukafuna kuti pamenepo paoneke madzi a lero, seva ndiyo iyenera kujambula.

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa ubwino umenewu ndi womwenso uli ngozi yake. Chithunzi chikachoka pa tsamba chimapita chokha. Mutu wa tsamba umatsala, mawu ofotokoza amatsala, tsiku limene linalembedwa pamwamba limatsala. Patapita miyezi isanu wina angachitumizenso pa gulu, anthu n'kuchilandira ngati cha m'mawa womwewo. Munthu amakhulupirira chithunzi msanga kuposa mawu. Choncho zonse zimene woona akufunika kuti asasokere ziyenera kujambulidwa m'kati mwa chithunzicho, m'madontho ake enieniwo.

Choyamba ndi tsiku. Ndipo masiku ndi awiri: limene nambala inawerengedwa panyanja, ndi limene chithunzi chajambulidwa. Pulogalamu yosasamala imadinda tsiku lalero pa chithunzi chilichonse, chifukwa n'zosavuta kufunsa wotchi ya seva. Koma ngati nambala yomaliza inalowa mu database sabata ziwiri zapitazo, chidindo chimenecho ndi bodza, ngakhale palibe munthu amene anafuna kunama. Lembani m'zilembo zazikulu tsiku la muyezo womaliza. Kumbukiraninso kuti seva zambiri zimene timabwereka zili ku Ulaya kapena ku America, ndipo wotchi zake zimakonda kuyenda pa UTC, pomwe ife tili patsogolo ndi maola awiri. Nambala yolowa cha m'ma 1 koloko usiku kuno ingalembedwe kuti ndi yadzulo. Uzani pulogalamu poyera kuti nthawi yake ndi ya Africa/Blantyre.

Chachiwiri ndi masiku amene palibe anawerenga. Adzakhalapo ndithu: woyeza adzadwala, mafunde adzamuletsa kufika pa ndodo, foni yake idzatha moto. Lamulo la imageline silidziwa zimenezo. Mukalipatsa Lolemba ndi Lolemba linalo, lidzakoka mzere wowongoka bwinobwino pakati pake, ndipo woona adzaganiza kuti madzi anayezedwa masiku onsewo. Pena pulogalamu imatenga malo opanda kanthu ngati ziro, mzere n'kugwera pansi ngati nyanja yauma. Pamene palibe muyezo, mzere uduke, mpata uonekere. Ndipo ngati padutsa masiku ochuluka popanda nambala yatsopano, pulogalamu ilembe pakati pa chithunzi kuti muyezo waima kuyambira tsiku lakuti. Ine ndimaona kuti galafu yoduka ndi yaulemu kwa woiona kuposa yosalala imene yadzazidwa ndi zongoganizira.

Chachitatu ndi sikelo. Mukayamba mzere wa m'mbali pa ziro, kusintha kwa mamita awiri pa 476 sikudzaoneka n'komwe. 2024 yonse idzakhala mzere wogona. Mukalola pulogalamu kusankha yokha malire malinga ndi manambala a sabata imeneyo, kukwera kwa masentimita atatu kudzadzaza chithunzi chonse, ndipo anthu adzayamba kusamutsa katundu popanda chifukwa. Njira zonse ziwiri masamu ake ndi olondola, koma zonse zimasokeretsa. Sankhani malire okhazikika amene sasintha tsiku ndi tsiku, kuti chithunzi cha lero chiyerekezeke ndi cha mwezi watha. Kenako kokani mizere yopingasa imene anthu akuidziwa kale: pomwe madzi anafika mu 2024, ndi pomwe anali tsiku ngati lomweli chaka chatha. Munthu amene sanaphunzire za mamita amadziwa bwino lomwe pomwe madzi anafika pakhomo pake chaka chimenecho, ndipo mzere umenewo ndi umene udzamutsegulire galafu yonse. Mizereyo ikhale yonenepa, ya mitundu yosiyana kwambiri, chifukwa idzawerengedwa padzuwa la pagombe pa galasi long'aluka.

Chachinayi ndi gwero la nambala. Ngati ndi ya boma, lembani choncho pansi pa chithunzi. Ngati mwazika ndodo yanu pano pa Makuzi, chomwe ndi chinthu chabwino kuti sukulu ichite, lembani kuti ndi muyezo wa pa Makuzi, wowerengedwa kuchokera pa chizindikiro chimene munaika pa thanthwe. Musauphatikize pa mzere umodzi ndi manambala a boma, chifukwa poyambira pake n'posiyana. Dziwaninso kuti mwera ukaomba masiku angapo umakankhira madzi chakumpoto, ndipo mafunde amavutitsa kuwerenga ndodo. Muyezo wa malo amodzi sufanana nthawi zonse ndi wa nyanja yonse.

Za mwera ndionjezepo. Ena mudzafuna kupanga chithunzi cha chenjezo la mphepo, choti asodzi a chilimira aone asanalowe panyanja madzulo. Ganizo n'labwino, koma apa pali moyo wa anthu. Chenjezolo lichokere ku nthambi ya boma yoona za nyengo, Department of Climate Change and Meteorological Services, osati m'mutu mwanu, ndipo pa chithunzi palembedwe tsiku limene likuyamba ndi limene likutha. Chenjezo lakale likazunguliranso, anthu amataya usiku umodzi wa usipa. Koma chithunzi chakale chonena kuti nyanja ili bata chikazungulira pa tsiku la mwera, bwato limalowa m'madzi. Musapange konse chithunzi chonena kuti kuli bata.

Tibwerere ku makina. Nambala yatsopano imabwera kamodzi patsiku, ndiye palibe chifukwa choti seva ijambule chithunzi chomwecho kwa munthu aliyense amene wafika. Ijambule kamodzi nambala yatsopano ikalowa, isunge fayilo, ndipo otsatira onse apatsidwe yomweyo. Pa seva zotsika mtengo zimene timagawana ndi ena, zimenezi ndi zimene zimapulumutsa tsamba pa tsiku limene aliyense akufuna kuona madzi. Mbali inayo, foni nayo imasunga zithunzi zimene inaona kale, ndipo ingapitirize kuonetsa chadzulo popeza adiresi sinasinthe. Mzere wa Cache-Control umaiuza kutalika kwa nthawi imene ingasunge. Ola limodzi n'lokwanira pa nkhani yathu. Mukaonjezera ETag, foni imangofunsa ngati chasintha, seva n'kuyankha 304, kutanthauza kuti n'chomwecho, popanda kutumizanso chithunzi. Bandulo ya munthu yapulumuka pamenepo.

Chilichonse chimene chabwera ndi adiresi chalembedwa ndi mlendo, ndipo si mlendo aliyense amene ali ndi zolinga zabwino. GD imasunga kadontho kalikonse m'mabayiti anayi. Chithunzi chathu cha 800 ndi 400 chili ndi madontho 320,000, chomwe ndi kupitirira pang'ono megabayiti imodzi. Koma mukalola woona kusankha kukula, wina n'kulemba 20,000 ndi 20,000, akupempha madontho 400 miliyoni, pafupifupi magigabayiti 1.6, pomwe PHP mwachizolowezi imalola mamegabayiti 128 okha. Ikani malire: masiku akhale nambala yeniyeni, isapitirire imene mwasankha, ndipo china chilichonse chikanidwe. Musalumikize mawu ochokera pa adiresi mwachindunji m'funso lopita ku database. PDO ya mu PHP ili ndi njira ya prepare yochitira zimenezi mosamala. Ngati mudzalandira zithunzi zochokera kwa anthu kuti seva izikonze, chenjerani koposa. Mu 2016 mu pulogalamu yokonzera zithunzi ya ImageMagick munapezeka ming'alu imene inatchuka ndi dzina lakuti ImageTragick, yolola munthu kulamula seva pongoitumizira fayilo yooneka ngati chithunzi.

Luso lomweli mudzaligwiritsa ntchito pa zinthu zina: malisiti okhala ndi QR code, makadi a mamembala a gulu, zotsatira za mayeso a ana. Apo nkhani ikhala ya zinsinsi za anthu. Ngati chithunzi cha zotsatira za mwana chili pa adiresi yothera ndi nambala 214, wina adzayesa 215 n'kuona za mwana wa mnzake. Pulogalamu yojambula chithunzi iyenera kufunsa yokha kuti wopemphayo ndi ndani, chifukwa ulendo wachiwiri uja ndi khomo lapadera. Kutseka tsamba sikutseka chithunzi. Dziwaninso kuti pempho lililonse limasiya pa seva adiresi ya IP ya wopempha ndi nthawi imene wafika. Amalonda amabisa kachithunzi ka kadontho kamodzi m'makalata a imelo kuti adziwe amene watsegula. Dziko lathu lili ndi lamulo la Data Protection Act la 2024, limene likuyang'aniridwa ndi MACRA, ndipo wopanga mapulogalamu aliyense ayenera kuliwerenga asanayambe kusunga za anthu.

Zilembo za pa chithunzi zilembedwe m'chiyankhulo cha ochiona, Chitonga kapena Chichewa. Apa mudzakumana ndi chilembo cha ŵ. Lamulo la imagestring lili ndi zilembo zakezake zochepa, ndipo ŵ limamusandutsa zinyalala. Gwiritsani ntchito imagettftext, imene imamva UTF-8, pamodzi ndi fonti imene ili ndi chilembochi, monga DejaVu Sans kapena Noto Sans. Fontiyo muiike pa seva nokha, musadalire kuti ilipo kale. Ndipo mawu a alt aja nawo apangidwe ndi pulogalamu, anene nambala yeniyeni ya tsikulo ndi komwe madzi akulowera, kuti munthu wosaona amene foni imamuwerengera, kapena amene chithunzi chakana kutsegulika chifukwa cha netiweki, amve uthenga womwewo.

Pulogalamu yonse imene ndafotokozayi siingapitirire masamba awiri, ndipo wophunzira wakhama angailembe pa masiku ochepa. Chovuta ndi munthu wopita ku ndodo m'mawa uliwonse, nthawi yofanana, kuwerenga, kulemba m'buku ndi kutumiza. A mfumu ndi a komiti ya pagombe, mbali imeneyo ili m'manja mwanu kuposa mwa achinyamata olemba mapulogalamu: kusankha malo otetezeka ku mafunde, kusankha anthu awiri osinthana, ndi kupeza kandalama ka mayunitsi a foni yawo. Buku la pepala lisasiyidwe ngakhale database itayamba kugwira ntchito, chifukwa ndi limene tidzayang'anamo nambala ina ikaoneka yokayikitsa.

Tikabwerako ku nkhomaliro tikhala m'magulu a anthu atatu pa kompyuta imodzi. Gulu lililonse lilandira manambala oyeserera a masiku 30, momwe masiku anayi mulibe kanthu ndipo tsiku limodzi lili ndi nambala yolembedwa molakwika, 457 m'malo mwa 475. Mujambule galafu ya malire okhazikika, yoduka pamene palibe muyezo, yokhala ndi tsiku la muyezo womaliza m'kati mwake, ndipo mugwirizane chochita ndi 457 uja. Mukamaliza muitumize pa foni yotsika mtengo kwambiri imene ili muno, mupite nayo panja padzuwa, muipereke kwa mmodzi wa akuluakulu a pagombewa popanda kumufotokozera kanthu, ndipo mulembe zimene anene kuti akuona.